Kalata Imene a Mwalimu Matiya Anandiwerengera

Ana inu, mwakangana mokwanira. Chitulukireni m'tchalitchi mpaka kufika pakhomo pano pa Assumane nkhani yanu ndi imodzi, yakuti m'busa wamphamvu ndi uti. Iwe Rozita ukuti wako akapemphera anthu amagwa pansi. Iwe Tomasi ukuti wako akalalikira mawu amakafika ku merkado, kumsika uko. Chabwino, ndamva. Khalani pamphasa apa, manja azisankha nyembazi, makutu mundibwereke. Telefoniyo uyiike m'thumba, Rozita, siithawa.

Ine ndapemphera pansi pa atsogoleri ambiri, ena mayina ndinaiwala kale. Amene sindingamuiwale ndi mmodzi, ndipo ndi munthu amene anandinamiza. Inde, mwamva bwino. Musaseke, nkhani yake si yoseketsa.

Ndinakwera kuno kuchokera kunyanja ndili mtsikana, nditangokwatiwa ndi agogo anu aamuna, a Banaba, amene simunawaonepo ngakhale pachithunzi. Zinali zaka zija za m'ma sinkwenta, m'ma 1950. Lichinga wanuyu nthawi imeneyo ankatchedwa Vila Kabrali, ndipo mzinda wake unali wochepa: misewu ingapo ya fumbi lofiira, nyumba za Apwitikizi, makantina ogulitsa katundu, basi. Ife anthu akuda tinkakhala kunja kwake. Inu lero mumakwera galimoto ya chapa m'mawa, masana muli kunyanja. Ife tinayenda masiku atatu, mtolo pamutu, kukwera phiri, kutsika, kukweranso, mpaka miyendo kuchita kunjenjemera yokha.

Chimene sanandiuze ndi chisanu. Kwathu munthu amagona ndi nsalu imodzi n'kumatuluka thukuta. Kuno mwezi wa Juni kuzizira kumalowa m'mafupa, chifunga n'kuphimba mpaka nyumba ya mnzako osaiona. Ndinali ndi nsalu ziwiri zokha ndi chiguduli chimene kale munali mbatatesi. Kumapazi kunachita zikang'a zotuluka magazi. Zakudya nazo zinali zachilendo. Ine wokulira chinangwa ndi usipa, kuno ndinapeza nyemba m'mawa, nyemba madzulo. Inu mukudandaula nyemba lero, ine ndinalira nazo misozi yeniyeni.

Otizungulira onse anali Ayao, Asilamu. Sanali anthu oipa, koma Chiyao sindinkachimva. Kuchitsime ankacheza, kuseka, ine n'kuima pambali ndi mtsuko wanga ngati ndabwera kudzapempha. Mmodzi yekha, Abiti Ali, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana ndi yathu, ndiye ankandiyankhula Chinyanja chake chothyokathyoka. Tsiku limatha ndalankhula ndi iyeyo basi, ndi nkhuku zanga ziwiri.

A Banaba ankanyamula njerwa kwa amisiri omanga nyumba za boma. Mariya, amene ndi mayi wako iwe Tomasi, atabadwa, tinamva kuti dzina lawo lalembedwa pa anthu opita ku chibalo, ntchito yokakamiza ija yokumba misewu. Anthu ankabwerako ali mafupa okhaokha, ena osabwerako. A Banaba anati sadikira asipayi, apolisi akuda a boma aja. Athawira ku Nyasalande, apitirire ku Halale kumene anzawo ankagwira ntchito.

"Esitere, mvula ikagwa kawiri ndabwera," anatero. "Usachoke pano, ndidzakupeze pompano."

Anapita. Mvula inagwa kawiri, inagwanso kachitatu.

Tsopano ndikuuzeni za tchalitchi chathu. Sichinali chachikulu chija cha m'vila. Chathu chinali cha ife ochokera kunyanja, kanyumba ka dothi kofolera udzu, mipando yake mitengo yogoneka pansi. Tikadzaza kwambiri tinkakwana makumi awiri ndi asanu. Padiri ankakwera kuchokera kunyanja kawiri pachaka. Masabata ena onse wotitsogolera anali a Mwalimu Matiya.

Mukanawaona, inu simukanawasankha. Anali aafupi, mawu aang'ono, ndipo kuimba sankatha. Akayambitsa nyimbo, amayi tinkayang'anana n'kuinyamula tokha kuti ingafere panjira. Jekete linali limodzi, la khaki, zigamba m'zigongono. Ankalima mbatatesi ngati wina aliyense, Loweruka n'kumakhoma zitini zobooka za anthu. Koma kukagwa maliro unkawapeza m'dzenje ndi khasu pamodzi ndi adzukulu okumba manda. Ngakhale maliro a Asilamu ankapita, n'kukhala chete pambali. Mwezi uliwonse ankayenda wapansi mpaka ku Lione chifukwa cha mabanja awiri okha achikhristu amene anali kumeneko. Ukawauza chinsinsi, chinkathera pomwepo, ngakhale akazi awo, amake Luka, sankachimva. Ndipo nyumba ya mkazi wokhala yekha ngati ine sankafikamo popanda amake Luka pambali pawo. Ankati safuna kundisiyira mbiri imene iwo sangathe kuichotsa.

Chisanu chachitatu chija chinandipeza pofooka. Ndinadwala malungo milungu itatu, Mariya naye akutsokomola kosalekeza. Ndinaonda mpaka nsalu inkazungulira kawiri. Ndiye tsiku lina kunafika bambo wina wa ku Lione, wobwerera kuchokera ku Halale, n'kundipatsa envulopu yakuda ndi thukuta la m'thumba.

Ana inu, simudziwa chimene chili kugwira kalata yako iwe osadziwa kuwerenga. Mwamuna wako akulankhula m'dzanja lako, iwe osamva. Ndinaitembenuza, ndinainunkhiza, ndinaiyang'anitsa padzuwa. Kenako ndinabereka Mariya n'kupita kwa a Mwalimu. Ndinawapeza pabwalo akusankha mbatatesi za mbewu, amake Luka akupeta.

Ndisanawapatse ndinalankhula mawu amene ndinanong'oneza nawo bondo pambuyo pake. Ndinati, "A Mwalimu, kalata iyi ikanena zoipa, ine ndi mwanayu mvula ya chaka chino sitiiona. Ndatopa."

Anandiyang'ana, anayang'ana Mariya, n'kupukuta manja pa jekete. Anatsegula. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa.

"Akupereka moni, amake Mariya. Ali bwino. Akuti limbani mtima, abwera."

"Liti?"

"Tsiku sanatchule."

"Pepala lonseli mawu ake ndi omwewa?"

"Enawo ndi moni kwa abale," anatero, maso ali pa mbatatesi.

Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga, ine amene m'mawa mwake ndinkalephera kunyamula mtsuko. Ndinauza Abiti Ali, iye n'kululuta. Ndinayamba kudya. Ndinazira nyumba, ndinamweta udzu wa denga, ndinakuza munda mpaka kukafika ku mitengo ya masuku. Kalata ndinaikulunga m'kansalu n'kuisomeka kudenga. Lole ikamveka kumsewu ndinkasiya khasu n'kuima. Malole masiku amenewo anali owerengeka, osati phokoso lanu la njinga zamoto ili, ndiye iliyonse ndinkaimva ili kutali, n'kuidikira mpaka itadutsa.

Dzuwa litayamba kutentha, mwezi wa Okutobala, kunabwera achimwene anga a Yakobo ndi dengu la usipa wouma wodzasinthanitsa ndi nyemba. Atakhala pansi anati, "Mlongo, manga katundu. Amayi afooka, sakutulukanso m'nyumba. Akukufunsa tsiku ndi tsiku. Akufuna aone mwanayu."

"Achimwene, sindingachoke tsopano. Bambo a Mariya alemba kalata, akubwera."

"Akubwera liti? Zaka zitatu! Akabwera sadziwa njira ya kunyanja?"

"Anati adzandipeze pompano. Adzapeze nyumba yotseka, aziti chiyani? Kauzeni amayi kuti tibwera tonse atatu mvula ikatha."

Anandinyengerera masiku awiri. Tsiku lachitatu ananyamula nyemba zawo, n'kundisiyira usipa wodzaza mbale. Potsanzika sanandiyang'ane kumaso. A Mwalimu sabata imeneyo anali ku Lione.

Amayi anamwalira mu Januwale, mitsinje itadzaza. Uthenga unandipeza ataikidwa kale masiku asanu ndi anayi. Sindinawasambitse, sindinaponye dothi. Mdzukulu wawo sanamuone. Akhristu anzanga anabwera kudzakhala nane masiku awiri, a Mwalimu anapemphera, koma ndinaona kuti pemphero lawo likudukaduka. Ndinkayesa chisoni chabe.

Patatha sabata, m'mawa kukuwaza mvula, ndinamva "odi" pakhomo. Anali a Mwalimu ndi amake Luka. Ndinatulutsa kampando, koma anakakana n'kukhala pansi penipeni pakhonde, pamene panali ponyowa. Chipewa anachiika pa bondo.

"Amake Mariya, kalata ija mukadali nayo?"

Ndinaitsitsa kudenga.

"Ndabwera kudzaiwerenga," anatero. "Tsiku lija sindinaiwerenge. Ndinakuuzani mawu anga, osati a m'kalatamu."

Amake Luka anawatembenukira modabwa. Naonso sankadziwa.

Anaika chala pa pepala n'kuyamba, liwu ndi liwu, osadumpha. A Banaba ankanena kuti apeza ntchito yokhazikika. Akwatira mkazi wina kumeneko, ndipo ali ndi mwana wamwamuna. Kuno sadzabweranso. Ndisawadikire, ndibwerere kwathu kwa amayi anga, akandithandize kulera Mariya.

Ndibwerere kwa amayi anga. Mawu amenewo anali kudenga kwanga miyezi isanu ndi iwiri, ine ndikugona pansi pake.

Sindinalire. Ndinangomva m'makutu kuti ziii. Kenako ndinati, "Achimwene atabwera kudzanditenga, munamva?"

"Ndinamva nditabwerako ku Lione."

"Mitsinje inali isanadzaze. Ndikanawalondola."

"Inali isanadzaze."

"Nanga munakhaliranji chete?"

"Tsiku loyamba ndinaopa kuti mudzipweteka, inu ndi mwana. Ndinati ndikuuzani mukachira. Mutachira, ndinaona mukuzira nyumba, mukuimba, ndinati mawa. Pambuyo pake sindinkaopanso za inu, ndinkaopa za ine, kuti mudzandiona bwanji. Chimenecho ndiye tchimo langa lalikulu. Amayi anu simunawaone chifukwa cha ine. Sindingakubwezereni. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndangoti mudziwe zoona."

"Chokani pakhomo panga," ndinatero. Mawu amenewo ndinauza munthu wamkulu, wa msinkhu wa bambo anga. Anadzuka, thalauza litanyowa kumbuyo, n'kupita. Amake Luka anafuna kutsala, ndinawauza kuti nawonso azipita.

Lamulungu lotsatira sindinapite ku tchalitchi, koma zimene zinachitika anandifotokozera amayi ena kuchitsime. Akuti a Mwalimu anaima kutsogolo osatsegula buku. Anati, "Abale, ndinanamiza mlongo wathu powerenga kalata yake, ndipo bodza langa lam'tayitsa chinthu chachikulu. Za m'kalatamo ndi zake, musandifunse ndipo musakamufunse. Ine ndalembera padiri. Mpaka atayankha, sindiima pano." Atatero anakakhala kumbuyo, pakhomo, pamene tinkakhazika anthu olakwa amene aimitsidwa mgonero. Iwowo ndi amene kale ankauza ena kukhala pamenepo. Wokalamba wina, a Petulo, ndiye anatsogolera mapemphero a pamtima, chifukwa kuwerenga sankadziwa.

Anthu anagawikana. Ena ankati achita bwino. Ena ankati atichititsa manyazi pamaso pa Asilamu, nkhani yaing'ono ngati imeneyo akanangoikwirira. Ena ankaloza ine, kuti mkazi wosiyidwa uja wagwetsa Mwalimu. Ndiye onani: mwamuna ndinalibe, mayi ndinalibe, tchalitchi ndinachisiya, kwathu kunyanja ndinkachita manyazi kukaonana ndi achimwene. Chaka chimenecho chimanga chinabereka kwambiri m'munda waukulu uja, ndipo ndinakolola ndekha, Mariya atakhala pamzere akusewera ndi zitsononkho. Pena ndinkazindikira kuti ndatha masiku atatu osalankhula ndi munthu wamkulu. Abiti Ali ankabwera, n'kukhala, n'kumanditonolera chimanga osanena kanthu. Chinyanja chake chinali chosakwanira zinthu zotere, Chiyao changanso chimodzimodzi.

Padiri atabwera pa Pasaka anawadzudzula a Mwalimu n'kuwabwezera pa udindo. Koma Lachitatu lililonse, kuyambira sabata imene ndinawathamangitsa, a Mwalimu ndi amake Luka ankafika. Ndikawaona ndinkatseka chitseko. Sankagogoda. Ankatula mtolo wa nkhuni pakhonde, kupereka moni kwa Abiti Ali, n'kubwerera. Sanatumepo munthu kudzandiuza kuti kusapemphera ndi tchimo. Sanandilalikire kudzera pa zenera. Nkhuni zoyambazo ndinazisiya mpaka chiswe chinadya. Koma chisanu chitabweranso, Mariya akunjenjemera, ndinazisonkha. Iwe Tomasi, mayi wako anakula ndi nkhuni za munthu amene ine sindinkamulankhula.

Lachitatu lina ndinatsegula chitseko ndi ukali.

"Kodi mukufuna chiyani kwa ine?"

"Ndikufuna ndikuphunzitseni kuwerenga," anatero.

Ndinaseka kuseka koipa. "Ine? Mayi wa mwana?"

"Inuyo. Kuti pasadzapezekenso munthu wokuwerengerani zimene palibe. Ngakhale ine."

Ndinatsekanso chitseko. Koma mawuwo anandikhala. Sabata yotsatira anandipeza nditakhala panja, nditasesa pabwalo.

Inu muli ndi makaderno olembamo, malapizi olembera, ena mumangotaya. Ife kaderno yathu inali dothi la pabwalo, lapizi kamtengo. Pambuyo pake a Mwalimu anatola zidutswa za matailosi kumene ankamanga nyumba za boma, n'kumalembapo ndi khala. Chilembo choyamba ndinachilemba chogona chagada, amake Luka n'kuseka mpaka kutsokomola, ndipo ine ndinapezeka ndaseka nawo, koyamba chaka chimenecho. Mutu wanga unali wouma. Chimene ndaphunzira Lachitatu, pofika Loweruka chathawa. Iwo sanakwezepo mawu. Ankangofufuta ndi phazi n'kunena kuti, "Tiyambirenso, amake Mariya. Dothi silikutha."

Sitinakambenso za kalata ija. Ine ndinkafika pa phunziro ngati munthu wodzatenga chake, moni wochepa, zikomo osanena.

Amayi ena ataona anayamba kubwera. Tinakhala atatu, kenako asanu ndi awiri, ndipo tinasamukira kuseri kwa tchalitchi. Pang'onopang'ono ndinayambanso kulowa m'katimo Lamulungu, kukhala kumapeto. Abiti Ali naye anabwera, ati akufuna kudziwa kulemba dzina la malemu mwamuna wake. A Petulo anauza a Mwalimu kuti mwayi ndi umenewu, am'kokere ku ubatizo. Iwo anayankha kuti mayiyo wabwera kudzaphunzira zilembo, ndipo alandira zilembo. Akadzafuna zina adzafunsa yekha. Nthawi yake ya swala ikakwana ankamulola apite, ife n'kumudikira.

Chimene ife amayi sitinkachidziwa bwino n'chakuti boma silinkalola zimenezi. Sukulu inkayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo ya Chipwitikizi. Munthu wakuda kusonkhanitsa anthu n'kumawaphunzitsa kulemba Chinyanja ankamuyesa woukira, makamaka ife a tchalitchi chochokera kunyanja, amene ankatiganizira kuti mitima yathu ili kwa Angerezi. A Mwalimu ankadziwa. Ndi chifukwa chake tikamaliza ankafufuta pabwalo ndi nthambi, ife n'kumayesa ukhondo chabe.

Tinaphunzira chaka ndi miyezi. Amene anakanena sindikumudziwa mpaka lero, ndipo ndinasiya kufufuza. Asipayi awiri anafika Lachisanu masana, a Mwalimu ali m'munda. Anawamanga manja ndi chingwe, khasu n'kutsala chiimire pamzere. M'nyumba mwawo anatengamo zidutswa za matailosi zija ngati umboni.

Ku boma anawamenya ndi mbalamatodya. Inu simuidziwa, ndipo Mulungu akusungeni musaidziwe. Chinali chithabwa chokhala ngati chipande, chobooka mabowo, chomenyera m'manja. Chikagwa, mnofu umalowa m'mabowomo. Ankafuna mayina a onse ophunzira. Msipayi wina wa kwathu kunyanja ndiye anadzanong'oneza amake Luka kuti bambowo ankangoyankha kuti, "Wophunzitsa ndine. Mlandu ndi wanga." Tsiku loyamba choncho, lachiwiri choncho. Ife asanu ndi awiri tinkagona ndi mitolo yomanga, kudikira kuti atitenga. Palibe anabwera.

Lamulungu tinasonkhana anthu khumi ndi atatu okha, ena anaopa. A Petulo anatsogolera mapemphero a pamtima. Itafika nthawi ya Mawu, tonse tinangokhala. Buku linali pa tebulo pomwe ankalisiya, lokutidwa ndi kansalu. Amuna anayang'ana pansi. Panalibe wodziwa kuwerenga kupatula ife a pabwalo, ndipo masiku amenewo mkazi sankaima kutsogolo. Amake Luka, maso ali otupa, anandigwira pa mkono.

"Pitani, amake Mariya. A Mwalimu ankati inu ndi amene mwapita patsogolo."

Sanandiuzepo zimenezo iwo eni. Ndinadzuka n'kupita kutsogolo. Ndinatsegula pamene panali kaudzu kamene anaikapo, n'kuika chala. Mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina. Ndinakhumudwa pa mawu aatali, ndinabwereza, thukuta likutsika ngakhale kunali chifunga. Palibe anaseka. Nditamaliza, a Petulo, amene kale ankati akazi asamayankhule kutsogolo, anati "Amen" mokweza, ena n'kutsatira.

Patapita milungu itatu tinamva kuti a Mwalimu sawatsekeranso, koma awathamangitsa m'dziko. Awakweza lole mpaka kumalire a Nyasalande, pamodzi ndi banja lawo, asadzapondenso kuno. Anatilola kukawaona pamsewu pamene lole inaima. Ndinadzuka m'mawa ndi mawu okonzeka. Njira yonse ndinkawabwereza: a Mwalimu, za kalata ija ndinakukhululukirani. Zinali zoona. Sindikudziwa tsiku limene mkwiyo unachoka, koma unali utachoka kale, kungoti pakamwa panga panali pouma.

Anali atakhala pamwamba pa matumba a nyemba, amake Luka ndi ana pambali. Anali ataonda, ndevu zitamera. Manja anawaika pa maondo chogadamitsa, okulungidwa nsanza, zala zotupa ngati chinangwa. Anthu ankapita mmodzimmodzi kukatsanzika, msipayi ataima pafupi ndi ndodo. Itafika nthawi yanga anawerama.

"Amake Mariya, ndamva kuti Lamulungu lija Mawu anawerengedwa. Anawerenga ndani?"

"Ine, a Mwalimu. Masabata atatu onse."

Nkhope yawo yonse inaseka, misozi ikutsika, ndipo analibe dzanja lopukutira. Amake Luka anawapukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Zinayenda bwanji?"

"Ndinakhumudwa kambiri. Ndipo a Petulo akuti ndimathamanga, mpweya umandithera pakati."

"Ndi timadontho tija. Mukafika pa kadontho muziima, mupume, anthu amve zimene mwawerenga. Pa kamchira kaja mupume pang'ono chabe. Musaope kukhala chete, adikira. Ndipo amayi enawo musawasiye, Abiti Ali watsala pang'ono. Koma muziphunzira awiriawiri, m'nyumba."

"Ndamva, a Mwalimu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zanga zija. Dalaivala analiza injini, msipayi anatikankhira kumbuyo ndi ndodo, ndipo lole inanyamuka. Ndinathamangira pang'ono, Mariya akundikoka nsalu, fumbi lofiira likundilowa m'kamwa. Iwo anakweza dzanja limodzi lokulungidwa lija, pang'ono chabe, chifukwa linkapweteka.

Sindinawaonenso. Nkhondo itabwera anthu anabalalika, njira zinatsekeka. Patapita zaka zambiri munthu wina anandiuza kuti anamwalirira kutsidya kwa malire kuja, akuphunzitsabe ana, choko atachimangirira ku zala chifukwa sizinkapindikanso. Ine ndinawerenga Mawu m'kanyumba kaja zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka anatitumizira mwalimu wina. Abiti Ali analemba dzina la mwamuna wake, anamwalira ali Msilamu, ndipo ndinakhala nawo pa maliro ake.

Ndinakhala ndi mpata Lachitatu lililonse kwa chaka ndi miyezi, munthuyo atakhala pafupi ngati pamene wakhala iwe Rozita. Ndinkati ndidzanena tsiku labwino. Anapita kutsidya akuganiza kuti mwina ndikadali nawo chifukwa, ndipo anapita akundiphunzitsabe poima ndi popuma. Ana inu, mawu amenewo ndikadali nawo m'kamwa muno mpaka lero, ndipo mwini wake kulibe.